Ana akadye Khirisimasi kwa bambo awo amene sakutumiza ndalama?

Kalata imene yandipeza pa imelo sabata ino ndaiwerenga katatu. Mayi wina wa ku Lilongwe akuti banja lawo linatha chaka chatha, ana awiri anatsala m'manja mwawo, ndipo patha miyezi 7 bambo a anawo osatumiza ngakhale ya sopo. Tsopano bambowo aimba foni, akufuna ana akadye nawo Khirisimasi. Funso la mayiwa ndi lakuti: awakanize mpaka atalipira fizi?

Mayi, ndikuyankhani, koma mundilole ndiyambe ndi njinga ya bambo anga.

Ine ndinakulira kumudzi kwa amayi, ku Dedza, kufupi ndi Chimbiya. Bambo anali mkamwini. Banja litatha, ndili Sitandade 3, ananyamula bulangeti, khasu ndi njinga yawo n'kubwerera kwawo. Nyumba imene anamanga inatsala, nkhokwe inatsala, ife ana atatu tinatsalanso, pakuti kwathu ana ndi a kuchikazi ndipo mwini mbumba ndi atsibweni. Ankhoswe anagamula kuti bambo azitilipirira fizi ndi kutigulira yunifolomu, poti nthawi imeneyo pulayimale inali yolipira. Yaulere inadzabwera mu 1994. Chaka choyamba analipira. Kenako kunagwa chilala cha 1992, chija tinkadya nsima ya chimanga chachikasu, ndipo sanabweretse kanthu. Atsibweni anadula mawu: munthu ameneyo asapondenso pakhomo pano mpaka atabwera ndi ndalama.

Pakhomo sanapondedi. Ankabwera tsiku la msika, n'kuimika njinga pansi pa mtengo wa m'mbali mwa njira imene tinkadzera pochokera kusukulu. Pa handulo pamalendewera kajumbo ka zitumbuwa, keliyala atamangapo nzimbe ndi mphira. Ife tinali titauzidwa kuti tisalandire kanthu, tisayankhe moni. Tsiku lina analiza belu kamodzi, n'kuitana motsitsa mawu kuti, "Naphiri." Ndinapenya pansi, ndinathina makope pachifuwa, ndinadutsa. Mng'ono wanga ndiye anacheuka, ndipo madzulo ake anakalipiridwa. Patapita miyezi ingapo, pansi pa mtengo paja panalibenso njinga.

Anamwalira ndili Folomu 2. Pamaliro ndinakhala ngati mlendo wodutsa. Azakhali anga ankandigwira nkhope akulira, akuti mphuno iyi ndi ya achimwene, ine osadziwa ndi dzina lawo lomwe. Lero ndine mayi wa ana akuluakulu, koma belu la njinga likalira kumbuyo kwanga mtima umagundabe.

Amayi anga sindiwaimba mlandu. Ndinawaona akupita kuganyu m'bandakucha, akubwera ndi kambale ka madeya. Mkwiyo wawo unali ndi chifukwa, monganso wanu uli ndi chifukwa. Ndipo ndinene pano pomwe: abambo amene amasowa chaka chonse, mwana akudwala malungo iwo foni osayankha, kenako pa Disembala n'kutulukira ndi kabotolo ka Fanta kuti ajambulitse chithunzi cha pa Facebook, amandinyansa. Kubereka si kujambulitsa. Fizi ya temu yoyamba imafunika mu Seputembala, osati pa Khirisimasi, ndipo amene amagona osatseka maso poiganizira ndinu.

Komabe pamene ndaima sindisunthapo: mwana si chikole. Ngongole ndi ya bambo, koma mukatseka chitseko amene akulipira ndi mwana. Kwathu kuja palibe tambala imene inabwera chifukwa choti ine ndinadutsa osayankha moni. Atsibweni ankayesa akulanga mkamwini wosauka, koma chilango chinagwera ife, ndipo chinatitsatira mpaka kukula. Chibale ndi fupa, sichiola. Mwana mukamubisa lero adzakafuna yekha mawa, ndipo akadzapeza manda m'malo mwa munthu, funso adzabwera nalo kwa inu.

Tisamayesenso kuti nkhanza zimenezi zimagwera abambo okha. Pitani ku Mzimba kapena ku Nsanje, kumene amalowola. Kumeneko banja likatha amene amachoka ndi kachikwama ndi mayi, ana n'kutsala kuchimuna poti ng'ombe kapena ndalama zinaperekedwa. Mayi amene anayamwitsa amafika poima kuseri kwa mpanda wa sukulu ngati wakuba. Mwambo ndi wosiyana, koma misozi ya mwana ndi yomweyo. Ndipo chimene chimandiwawa kwambiri ndi ankhoswe. Pachinkhoswe amavala masuti, amalandira nkhuku, amalangiza mpaka dzuwa kulowa. Banja likatha, pamene ana akufunika munthu wamkulu woima pakati, ambiri sapezeka. Ndiye uthenga umayamba kuyenda ndi mwana: "Ukawauze bambo ako kuti nsapato zatha." "Ukawauze mayi ako kuti ndalama sizimera mumtengo." Mwana wa zaka 8 asenze mawu amene akuluakulu akulephera kuuzana pamaso! Mayi, china chilichonse mungachite, ichi chokha musachite.

Nanga malamulo akuti chiyani?

Lamulo la 2010 losamalira ndi kuteteza ana, Child Care, Protection and Justice Act, silifunsa ngati kwanu n'kwa chikamwini kapena kolowola. Khoti la ana limayang'ana chimene chingamukomere mwanayo. Limaganizira msinkhu wake ndi kufunika koti wamng'ono akhale ndi mayi ake, limamva maganizo a mwana, ndipo silikonda kulekanitsa ana a mimba imodzi. Kholo limene silikukhala ndi mwana likhoza kupempha masiku omuona, ndipo inunso mukhoza kukasuma kuti bambo azipereka chithandizo. Imeneyi ndi milandu iwiri, ndipo wa ndalama muli ndi mphamvu zonse zoutsatira. Yambirani ku ofesi ya Social Welfare ya m'boma lanu. Ngati ya loya palibe, a Legal Aid Bureau alipo chifukwa cha anthu ngati inu. Sungani malisiti a fizi ndi a kuchipatala, ndipo ndalama zikayamba kubwera zizidzera pa Airtel Money kapena Mpamba kuti umboni uzitsala pafoni.

Pali pamodzi pokha pamene ndingakuuzeni kuti ana asapite: ngati bambowo ankamenya, amaledzera mpaka kuiwala ana, kapena anaopsezapo kuti adzawatenga osawabweza. Zikatero pitani ku Victim Support Unit ya kupolisi ndi kukhoti, ndipo ngati n'kuonana azionana pamaso pa munthu wina. Mu kalata yanu simunatchule zoterezi.

Choncho aloleni apite. Mugwirizane tsiku lowatenga ndi lowabweza, mulembe papepala, asainirepo wachibale mmodzi wa mbali iliyonse. Mudziwe nyumba imene akagone ndi amene akawaphikire. Muwalongedzere zovala, neti ndi buku la kuchipatala, muwauze ola limene muziwaimbira madzulo. Akabwerako musawapanikize ndi mafunso a zimene aona kumeneko; muwasiye afotokoze okha akafuna. Ndipo maofesi akangotsegula mu Januwale, mutenge malisiti aja mukayambe nkhani ya fizi.