Ndalama za galimoto zikukwera, koma chikukweza ndi chiyani kwenikweni?

Achimwene, mwafunsa kuti ife oyenda pakati pa Blantyre ndi Johannesburg timadziwa bwanji chimene chakweza ndalama za ulendo, poti aliyense amangoti ndi dizilo. Inenso ndinkatero, mpaka mwana wa mlongo wanga wodziwa za kompyuta atandikhazika pansi ndi kabuku kanga ka malisiti.

Njira yake ndi iyi: Mwanza, kulowa Mozambique pa Zóbuè, kuwoloka Zambezi pa Tete, kutuluka pa Cuchamano kulowa Nyamapanda, Harare, Beitbridge, Musina. Maiko anayi, ndalama zinayi: kwacha, metikali, dola ya America ku Zimbabwe, ndi randi. Pa ulendo umodzi mumalipira mafuta, matolgeti, inshuwalansi, mapepala a galimoto pa boda, chakudya cha dalaivala, ndi zimene mumapatsa ejenti wokonza mapepala. Chilichonse mwa izi chili ndi mbali zitatu: kuchuluka kwake, mtengo wake kumene mwagulako, ndi mtengo wa ndalama ya kumeneko pa kwacha.

Mnyamatayo anaika zitatuzi m'mizere itatu yotsika pa Excel, pulogalamu yowerengera manambala, ndipo chinthu chilichonse cholipira pa mzere wake wopingasa. M'malo mochulukitsa chimodzichimodzi, analemba fomula ya Excel yotchedwa SUMPRODUCT, imene imatenga mizere yonse itatu nthawi imodzi, n'kuchulukitsa zoyang'anizana, n'kuphatikiza. Iye mizere ya manambala yotereyi amaitcha array, ndipo akuti pa Python, chilankhulo cholembera mapulogalamu a kompyuta, amachita zomwezo ndi chida chotchedwa NumPy. Ine zimenezo sindilowerera, Excel ya pafoni imandikwanira.

Nzeru yake yagona apa. Mumatenga ulendo wakale, n'kusintha mzere umodzi wokha mwa itatu ija, inayo n'kuisiya mmene inalili. Tiyerekeze ndi dizilo yekha. Kale malita 500, randi 22 pa lita, randi imodzi K60: zonse K660,000. Lero malita 560, randi 23, randi imodzi K90: K1,159,200. Zakwera ndi K499,200. Mukasintha mtengo wa papampu wokha, zikuonjezeka ndi K30,000 basi. Malita okha, K79,200. Kwacha yokha, K330,000. Patsala K60,000 imene ilibe mwini, chifukwa imabwera zitatuzi zikakwerera pamodzi: malita owonjezera aja mwawagulanso ndi kwacha yofooka. Imeneyo muilembe payokha, musaikakamize pa chimodzi.

Mwaona? Amene timamutukwana tsiku ndi tsiku, mtengo wa papampu, ndiye wamng'ono pa onse. Mu Novembala 2023 kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, dola kuchoka pafupifupi K1,180 kufika K1,700, ambiri tinaona ngati galimoto zayamba kumwa mafuta. Sikunali kumwa ayi. Ndipo pa mzere wa kwachawo lembani mtengo umene munagulira ndalamayo inuyo, osati wolembedwa pa bolodi la ku banki, apo ayi mukudzinamiza nokha.

Za kwacha palibe chimene mungachite kupatula kukweza mtengo wa katundu msanga. Koma mzere wa malita ndi wanu. Mtunda sunasinthe, Tete sanasamuke, nanga malita 60 aja apita kuti? Kwa ine ndinapeza matayala akumbuyo opanda mpweya wokwanira, katundu wopyola muyezo chifukwa cha dyera langa lomwe, ndi injini kulira usiku wonse pamzere wa pa boda dalaivala akuthawa kuzizira. Makaniko anasinthanso sefa ya mpweya imene inali yakuda ngati mphika wa pamafuwa.

Chimodzi chimene atsopano amaiwala: matayala, oyilo ndi mabuleki sizigulidwa ulendo uliwonse, koma zimatha ulendo uliwonse. Gawani mtengo wake ndi makilomita amene zimayenda, muike pa mzere wake. Yambani lero kulemba malita ndi nambala ya makilomita ya pa mita ya galimoto nthawi iliyonse mukathira mafuta, chifukwa lisiti la papampu limafufutika lisanathe mwezi likakhala padzuwa.