Kodi khansa ya Burkitt ndi yakumtundu?

Mayi wina wa ku Nkhotakota wanditumizira imelo. Mwana wa mng'ono wawo, wa zaka 6, anatupa tsaya mpaka mano kuyamba kugwedera, ndipo madokotala apeza kuti ndi khansa yotchedwa Burkitt lymphoma. Akuchimuna akuti matendawa achokera kuchikazi. Mayiwa akufunsa ngati n'zoona, komanso ngati ana enawo nawonso adzadwale.

Mayi, yankho ndi ayi. Khansa imeneyi mwana satengera kwa mayi kapena bambo ake.

Anthu amasokonezeka akamva dokotala akutchula za DNA, malangizo a m'maselo a thupi amene timatengera kwa makolo athu. N'zoona kuti DNA imakhala yawonongeka, koma zimachitika mwana atabadwa kale, m'maselo ena oteteza thupi otchedwa B. DNA imakhala m'timitolo totchedwa chromosome, tokhala ndi manambala. Kachidutswa ka chromosome 8 kamasinthana malo ndi ka chromosome ina, kawirikawiri 14. Zikatero, mbali ya DNA yotchedwa MYC, imene imauza selo kuti ligawikane, imangokhala ngati mpopi wokana kutsekeka. N'chifukwa chake chotupacho chimakula mochititsa mantha, masiku ochepa okha nkhope yasintha.

Dokotala wa maopaleshoni Denis Burkitt ndiye analemba za matendawa mu 1958 ali pa chipatala cha Mulago ku Kampala. Atayendera zipatala za m'mayiko angapo a kuno ku Africa, anaona kuti zotupazi zimachuluka kumadera otentha ndi a mvula yambiri, komwenso malungo amavuta. Mu 1964, ku London, Anthony Epstein, Yvonne Barr ndi Bert Achong anapeza kachilombo m'maselo a chotupa chochokera ku Uganda, komwe lero timati Epstein-Barr. Kachilomboka pafupifupi tonse tili nako ndipo ambiri sikatichita kanthu. Koma mwana akamadwaladwala malungo, chitetezo chake chimalephera kulimbana bwino ndi kachilomboka, maselo aja n'kumagawikana kwambiri mpaka lina kulakwika. Ndiye ngati akuchimunawo akufuna woloza chala, ayambe ndi udzudzu wa kunyanja kwanuko.

Matenda akumtundu enieni ndi monga matenda a magazi otchedwa sickle cell. Ngakhale pamenepo, mlandu sukhala wa mbali imodzi: mwana amadwala pokhapokha atatengera kwa makolo onse awiri, ndipo pa mimba iliyonse ya makolo oterowo mpata wake ndi umodzi mwa inayi.

Chimene ndikufuna mugwiritsitse ndi ichi: Burkitt imamva mankhwala. Ku Queens ku Blantyre, Pulofesa Elizabeth Molyneux ndi anzake anachita kafukufuku kwa zaka zambiri, kufunafuna mlingo wa mankhwala a khansa (chemotherapy), monga cyclophosphamide, umene ana athu angathe kuupirira, poti ambiri amafika ali onyentchera kale. Chotupa chimaphwa msanga, mwina pa jakisoni woyamba yemwe, ndipo apa ndi pamene mabanja ambiri amapusitsika. Amaona mwana wayamba kuseweranso, ndalama ya thiransipoti yatha, kumunda kukudikira, basi osabwereranso. Maselo otsala aja amadzukanso, ndipo ulendo wachiwiri amavuta kugonja.

Choncho mng'ono wanuyo amalize masiku onse amene alembedwa m'buku la kuchipatala. Mwana akatentha thupi ali pa mankhwalawa, athamange naye tsiku lomwelo, asadikire kuche kawiri. Za mphini pa chotupacho aiwale, zingobweretsa zilonda. Inu achemwali muwathandize kusonkha ya basi komanso kusinthana ugadiyani. Ana enawo azigona m'masikito, ndipo wina akatupa nsagwada, diso kapena mimba, mukamuonetse sabata yomweyo.