Za ng'ombe ya mapiko ya ndevu ija

Achimwene mwafunsa kuti zinyama za pa zithunzi mwaponya zija, ng'ombe ya mapiko koma mutu wa munthu wa ndevu, ndi chimkango cha nkhope ya munthu cha ku Egypt, kodi zinalikodi kalelo kapena anthuwo ankasema ziwanda zomwe ankaziona. Ndaona ena athamangira kale kuti "zausatana basi" kkkk. Ine ndiyankha motalikako pang'ono, mupirire.

Mafupa a nyama zoterezi palibe anawafukulapo, nde zoti zinkayenda m'tchire tiiwale. Koma osema aja sanali amisala, chomwe ankafuna kunena ankachidziwa bwino lomwe, ndipo nthawi zambiri mukafuna kumva nkhani yake muyambe mwafunsa kuti chinthucho anachiika pati ndipo chinkagwira ntchito yanji.

Ng'ombe ya mapikoyo dzina lake ndi lamassu, ya ku Assyria, komwe lero ndi kumpoto kwa Iraq. Ine ndinaiona maso ndi maso ku British Museum ku London, chimwala chachitali mwina mamita 4, ukaima pafupi umaoneka ngati kamwana ka sitandade 1. Zina mwa izo zinachokera ku Khorsabad ku nyumba ya mfumu Sargon II yemwe analamulira cha m'ma 721 mpaka 705 Yesu asanabadwe. Ankaziika ziwiriziwiri pa geti, uku ndi uku, ngati alonda. Mutu wa munthu ndi nzeru, thupi la nkhunzi ndi mphamvu, mapiko a chiwombankhanga ndi liwiro, ndipo chisoti cha nyanga chili kumutucho chinali chizindikiro choti ameneyu si wa pansi pano. Mlendo wobwera kwa mfumu ankadutsa pakati pa ziwirizi mawondo akuwombana asanaione nkomwe mfumuyo.

Nde tamverani ichi. Ndinawerenga miyendo ndikupeza isanu, ndinabwereza kawiri poganiza kuti maso akundinamiza. Kumeneko ndi kuchenjera kwa wosema, ukaima kutsogolo umaona miyendo iwiri chinyama chaima nji, ukapita chammbali umaona inayi chikuyenda. Munthu wojambula nyama yomwe waiona ndi maso sangaonjeze mwendo dala, uyu ankapanga zoti uthenga umveke mbali zonse. Ndipo pansi pa imodzi mwa ng'ombezi pali timabokosi ta masewera tomwe anthu anakanda pamwalapo, akuti mwina alonda a pageti potayitsa nthawi, ngati mmene alonda athu amakhalira pa bawo. Chikanakhala chiwanda chowaopsa iwo eni sakanachisewerera kumapazi.

Inu a "zausatana" tatsegulani Ezekieli mutu 1. Zamoyo zomwe anaona m'masomphenya zinali ndi nkhope ya munthu, ya mkango, ya ng'ombe ndi ya chiwombankhanga, kuphatikiza mapiko. Ezekieli nthawi imeneyo anali ku ukapolo ku Babulo, dera lomwe zosema za mtundu uwu zinali zodziwika, ndipo ofufuza ambiri amaona kuti kafotokozedwe ka ulemerero kameneka kanali ka dera lonselo. Sindikutsutsa masomphenya ayi, ndikungoti kusakaniza nyama pakokha sikutanthauza zoipa.

Chimkango cha ku Giza ku Egypt chija sindichedwapo, ndi Sphinx, mamita 73 mulitali, 20 kupita mmwamba, ambiri amati nkhopeyo ndi ya Farao Khafre cha m'ma 2500 Yesu asanabadwe. Mfumu ikudzitcha mkango, basi. Ife tomwe nyimbo zotamanda atsogoleri kuti ndi mkango timazidziwa.

Za ku Egypt zomwe zimandisangalatsa ine ndi ziwiri izi, chifukwa nyama zake ndi zathu zomwe za mu Shire. Woyamba ndi Ammit: mutu wa ng'ona, chifuwa ndi miyendo yakutsogolo za mkango, kumbuyo mvuu. Aiguputo ankakhulupirira kuti munthu akafa mtima wake umaikidwa pa sikelo, mbali inayo kuli nthenga ya chilungamo ya mulungu wamkazi Maat, mulungu Anubis wa mutu wa nkhandwe akuyeza, mulungu Thoth wa mutu wa mbalame akulemba zotsatira ngati kalaliki wa kukhoti, nde Ammit wakhala pambali phee kudikira, mtima ukalemera kuposa nthenga amaumeza ndipo za iwe zathera pomwepo. Anatenga nyama zitatu zomwe munthu wa m'mphepete mwa Nile ankaziopa kwambiri nkuzimanga pamodzi kuti mantha akwane.

Wachiwiri ndi mulungu wamkazi Taweret. Nyama zake ndi zomwezo, mvuu yoima ndi miyendo iwiri, chimimba cha pakati, mawere olendewera, zikhadabo za mkango, kumsana mchira wa ng'ona. Koma uyu anali wokondedwa m'makomo, amayi oyembekezera ankavala tizithumwa take kuti awateteze pochira. Bwanji? Funsani msodzi aliyense wa ku Liwonde kapena ku Nsanje kuti mvuu ya mwana imatani bwato likayandikira. Ukali womwewo womwe umagubuduza bwato ndi umene mayi ankaufuna kuti uime pakhomo pake usiku wochira. Nyama zofanana, wina womeza mitima wina mzamba, nde munthu wongoona chithunzi pa foni nkunena kuti zonsezi ndi ziwanda waphonya kutali.

Kwathu kuno nkhaniyi siyachilendo eti. Ku Chongoni ku Dedza kuli malo 127 a zojambula pamiyala omwe UNESCO, bungwe la United Nations loona za chikhalidwe, inawalemba pa mndandanda wa malo ofunika pa dziko lonse mu 2006, ndipo zina zoyera zija ndi za Achewa, zokhudza chinamwali ndi zilombo za gule. Mlendo wochokera kutali ataona Kasiyamaliro atajambulidwa pathanthwe akhoza kukalemba kuti kunoko kunali mtundu wa nyama yachilendo, pomwe mwana wa ku Dedza angomuseka. Zakudambwe sitikambira pagulu, ndingoti kumeneko eni ake alipo amoyo oti nkufunsa.

Vuto limabwera pomwe eni ake kulibe ndipo sanasiye cholembedwa chilichonse. Ku Germany m'phanga la Hohlenstein-Stadel anafukula tizidutswa ta mnyanga wa mammoth, njovu yaubweya ija inatha kalekale, mu Ogasiti 1939 kutatsala masiku ochepa kuti nkhondo yachiwiri iyambe. Tizidutswato tinakhala m'bokosi zaka pafupifupi 30 mpaka wina atayesa kulumikiza, kutuluka chinthu choima ngati munthu koma mutu wa mkango, masentimita 31, zaka zake cha m'ma 40,000. Wina anayesa kusema chofanana nacho ndi zida za miyala zokhazokha, zinamutengera maola oposa 350. Taganizani, anthu oti chakudya mpaka akasake kuchisanu koopsa, koma analola mnzawo kukhala pansi masabata ambirimbiri akupala mnyanga, nde kuti chinali chofunika ndithu. Koma chinali chani? Ena amati mulungu wawo, ena amati sing'anga wavala chikopa cha mkango, ena amati munthu yemwe mizimu yamugwira akudzimva kuti wasanduka chilombo, pofanizira ndi zojambula za Asan, anthu osaka nyama a kummwera kwa Africa, ku mapiri a Drakensberg ku South Africa zomwe zili ndi anthu a mitu ya ntchefu ndi agwape. Ine ndimapendekera kwa sing'angayo, mwina chifukwa ndinakulira komwe ng'oma ikalira usiku umadziwa kuti kwatuluka chilombo. Panopa chosemacho chili mu miyuziyamu ku Ulm ku Germany komweko, ndipo akatswiri anakanganapo zaka zambiri pa nkhani yoti kaya ndi chachimuna kaya chachikazi.