Injini ya boti ikutentha ku Chivero

Achimwene, mwafunsa za boti lanu logula kwa munthu limene injini yake ikutentha ku Chivero, nyanja ya ku Zimbabwe. Yambani ndi impela, kagudumu ka mapiko ka m'kati mwa pampu yokoka madzi a m'nyanja oziziritsa injini. Boti logula kwa munthu likamatentha injini mukangothamanga pang'ono, nthawi zambiri vuto limakhala pamenepo. Impela ndi ya labala, ndipo ikazungulira popanda madzi ngakhale kwa kanthawi kochepa, mapiko ake amapsa n'kuthothoka. Mwina mwini wakale ankaliza injini boti lili pa ngolo kunyumba. Ingoisinthani, ndipo muzitero chaka chilichonse.

Langa linandichita zomwezi ku Lake Chivero. Nditatsegula pampu ndinapeza mapiko awiri palibe, tizidutswa take titakatsekereza pa choziziritsira oyilo wa giyabokosi. Tifufuzeni mpaka mutipeze tonse, apo ayi injini izitenthabe ngakhale impela ili yatsopano. Namasupuni wa ku Chivero uja nayenso amatseka sefa ya madzi, muziyang'ana musanalowe m'madzi.

Koma mukaona oyilo wa injini wasanduka ngati tiyi wamkaka, musailizenso, chonde. Madzi alowa m'kati, mwina gasiketi (chotsekera pakati pa zitsulo za injini) yapsa kapena manifodi (paipi yotulutsira utsi) yang'ambika. Pitani nalo kwa makaniko wodziwa injini za maboti, osati wa magalimoto okha.