Kodi kukonza sukulu kuyambire pa makompyuta?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mphunzitsi wina wa kupulayimale amene ali m'komiti yoona za chitukuko cha sukulu yawo. Ndaifupikitsa, koma mfundo yake ndi iyi: "Aliyense akuti ana athu adzalimbirana ntchito ndi ana a m'mayiko ena, choncho sukulu isinthe. Anzanga m'komiti akufuna kuti ndalama zimene tapeza tigulire makompyuta, ana ayambe kuphunzira kulemba mapulogalamu. Ine mtima sukukhazikika, koma chowayankha ndikuchisowa. Kodi ndine wotsalira?"

Aphunzitsi, simuli wotsalira ayi. Anzanuwo sakunama kuti mpikisano ulipo. Ntchito yowerengera ndalama, yojambula mapulani kapena yoyankha makasitomala lero ikutha kugwiridwa ndi munthu amene ali kutsidya kwa nyanja, bola akhale ndi intaneti. Pamene ndasiyana nawo ndi poyambira.

Njira imene akufunayo ena anaiyenda kale. Dziko la Peru linagula malaputopu ambirimbiri a pulogalamu ya One Laptop per Child (laputopu imodzi kwa mwana aliyense) n'kugawira ana a m'sukulu zakumidzi. Mu 2012, akatswiri a banki ya Inter-American Development Bank anatulutsa zimene anapeza m'sukulu 319. Patatha miyezi 15, anawo ankadziwa bwino kugwiritsa ntchito makinawo, koma pa masamu ndi pa chiyankhulo sankaposa anzawo amene sanalandire kalikonse. Makinawo anafikadi m'manja mwa ana. Chimene sichinasinthe ndi kaphunzitsidwe.

Ndiye ganizirani ichi. Mu 2019, World Bank inalengeza kuti m'mayiko osauka ndi a chuma chapakatikati, ana 53 pa 100 alionse amafika zaka 10 asakutha kuwerenga kankhani kosavuta n'kukamvetsa. Mliri wa Covid-19 utatseketsa sukulu, chiwerengerocho anachiyerekeza kuti chafika pa 70 mu 2022. Ambiri mwa ana amenewa si ongokhala kunyumba, amapita kusukulu ndithu ndipo amakwera makalasi chaka ndi chaka.

Ndinadzionera ndekha pasukulu ina, imene sinditchula. Kamtsikana kena kanaimirira n'kuwerenga ndime yonse mokweza, mopanda kudodoma, anzake n'kukaombera m'manja. Nditakafunsa kuti munthu wa m'nkhaniyo anathawiranji, kanayang'ana padenga, kenako pansi, kenako kanayambiranso kuwerenga chiganizo choyamba. Mawu kankawatchula bwino, koma nkhaniyo sinalowe. Kuseri kwa kalasi yomweyo kunali kabati yokhoma, m'kati mwake muli matabuleti amene mphunzitsi ankaopa kuwatulutsa, poti likasweka limodzi mlandu ukhala wake. Mwana ngati ameneyu mukam'patsa kompyuta kuti alembe pulogalamu, adzangokopera zimene zili pabolodi, monga mmene amachitira ndi notsi. Kulemba mapulogalamu n'kuwerenga malangizo mosamala ndi kuganiza mwandondomeko. Pajatu m'mera mpoyamba.

Chosangalatsa n'chakuti mankhwala a vutoli si odula. Bungwe la Pratham ku India linayambitsa njira imene amaitcha Teaching at the Right Level. Mphunzitsi amakhala ndi mwana mmodzimmodzi kwa mphindi zochepa, atanyamula pepala limodzi lokhala ndi zilembo, mawu, ndime yaifupi ndi kankhani. Pamene mwana wakakamira, mpamene ali. Kenako kwa ola limodzi kapena awiri patsiku ana amagawidwa motsatira zimene akutha, osati kalasi imene alimo. Wodziwa zilembo zokha amakhala ndi anzake odziwa zilembo zokha, ngakhale atasiyana zaka. Njirayi inayesedwa kangapo ndi ofufuza ndipo mayiko ena, monga Zambia, anaitengera.

Mwina anzanuwo anena kuti izi n'zapansi kwambiri, mpikisano wa dziko lonse umafuna zapamwamba. Akumbutseni za Vietnam. Bungwe la OECD, la mayiko amene ambiri mwa iwo ndi olemera, limalembetsa ana a zaka 15 mayeso otchedwa PISA kuyambira mu 2000. Vietnam italowa nawo koyamba mu 2012, ana ake anaposa a ku United States ndi a ku Britain pa masamu, chonsecho linali dziko losauka kwambiri poyerekeza ndi awiriwo. Chilungamo chake, ana ambiri a zaka 15 kumeneko anali atasiya kale sukulu ndipo sanalembe nawo, kotero zotsatirazo zikukometsa pang'ono. Komabe sanafike pamenepo chifukwa cha zipangizo zodula.

Pa mayiko ochita bwino, chimene ndimaona chikubwerezabwereza ndi mphunzitsi. Ku Singapore aphunzitsi a sukulu zaboma amaphunzitsidwa kusukulu yauphunzitsi ya National Institute of Education, ndipo ali kale pantchito amapatsidwa mwayi wa maola 100 pachaka oti awonjezere luso. Ku Finland mphunzitsi wa kupulayimale amayenera kukhala ndi digiri yachiwiri. Koma tisamapembedze dziko lililonse: zotsatira za Finland yomweyo pa PISA zakhala zikutsika chichokereni 2006, ngakhale anthu akupitirizabe kuitchula ngati kumwamba kwa maphunziro.

Palinso nkhani ya mayeso, imene komiti yanu singaithetse yokha koma ndi bwino muidziwe. Mphunzitsi amaphunzitsa zimene mayeso adzafunse. Ngati mayeso akufuna kuti mwana aloweze matanthauzo, m'kalasi mudzakhala kuloweza basi, ngakhale silabasi italembedwa mawu okoma onena za kuganiza mozama. Singapore inaziona zimenezi, n'chifukwa chake mu 1997 inayamba kusintha maphunziro pansi pa mutu wakuti Thinking Schools, Learning Nation (sukulu zoganiza, dziko lophunzira). Inu pasukulu panu mungathe kuyamba ndi timayeso ta m'kalasi: pa mafunso khumi, atatu akhale ofunsa "chifukwa chiyani" kapena opatsa mwana vuto limene sanalionepo m'buku.

Za ntchito zamanja ndingodutsa mwachidule, poti ana anu akadali aang'ono. Ku Germany achinyamata ambiri amaphunzira ntchito masiku atatu kapena anayi pakampani, otsalawo kusukulu, ndipo anthu ambiri sawatenga ngati olephera.

Tsono ku msonkhano wotsatira musapite kukatsutsa makompyuta, mungadane ndi anzanu pachabe. Pemphani kuti musanagule chilichonse, mwana aliyense wa zaka 8 mpaka 10 ayesedwe kuwerenga payekha, ndi funso limodzi lokha lofuna kuti afotokoze zimene wawerenga. Masiku awiri kapena atatu akwana. Zotsatirazo mudzaziike patebulo, komiti yonse izione. Ngati ana ambiri akumvetsa, gulani makinawo, koma gawo la ndalamazo lisungidwire kuphunzitsa aphunzitsi ndi kukonzetsa makina akawonongeka. Ngati ambiri akuyang'ana padenga ngati kamtsikana kaja, ndalamazo zipite ku mabuku a nkhani oti ana azipita nawo kunyumba ndi ku ola lowerenga la tsiku ndi tsiku. Mukawayesa, mundilemberenso, ndikufuna kumva kuti mwapeza angati.