Yankho kwa mayi wa ku Dzivarasekwa pa za multiple sclerosis

Mayi wina wa ku Dzivarasekwa, mumzinda wa Harare ku Zimbabwe, wandilembera imelo yokhudza mwana wawo wamkazi wazaka 27. Chaka chatha diso lake lakumanzere linkapweteka akalitembenuza, ndipo ankaona mwachimbuuzi kwa milungu itatu mpaka linachira lokha. Chaka chino miyendo yake yachita dzanzi kuchokera kumapazi mpaka m'chiuno, ndipo dokotala watchula multiple sclerosis, kapena kuti MS. Mayiwo akufunsa ngati matendawa ndi otsimikizika komanso ngati ali ndi mankhwala, poti achibale ena ayamba kale kunong'ona kuti mwanayo walodzedwa.

Mayi, matendawa amadziwika kalekale, ndipo dokotala wa ku Paris, Jean-Martin Charcot, anawafotokoza mu 1868. Chitetezo cha m'thupi chimaukira chikutiro cha mitsempha ya mu ubongo, ya m'msana ndi ya m'maso, chotchedwa myelin, moti uthenga umayenda movutikira ngati magetsi odutsa mu waya wosendeka. Nthawi zambiri amayamba pakati pa zaka 20 ndi 40, ndipo amagwira akazi kwambiri kuposa amuna. Kwa ambiri amabwera, n'kuleka, n'kudzabweranso, n'chifukwa chake anthu amafulumira kuganiza za ufiti.

Komabe zizindikiro zokha sizokwanira kutsimikizira. Pamafunika dokotala wa mitsempha, amene mungatumizidwe kwa iye kudzera ku chipatala chachikulu monga Parirenyatwa, kuti aunike ubongo ndi msana pa makina a MRI ojambula mkati mwa thupi, komanso nthawi zina atenge madzi a m'msana. Akufuna kuona ngati mitsempha yawonongeka m'malo angapo komanso pa nthawi zosiyana. Kuno kwathu MS sapezeka kawirikawiri monga ku Ulaya, choncho dokotala wosamala amayamba wayeza HIV, chindoko, TB ya kumsana ndi kuchepa kwa vitamini B12. Chimene ndikukupemphani kwambiri n'chakuti mufunse za matenda otchedwa neuromyelitis optica, amene nawonso amagwira diso ndi msana, ndipo amapezeka kwambiri mwa anthu akuda kuposa azungu. Amadziwika poyeza magazi kufufuza asilikali a m'thupi (ma antibody) oukira puloteni yotchedwa aquaporin-4. Kusiyanitsa kumeneku n'kofunika chifukwa mankhwala ena a MS, monga interferon beta, amatha kukulitsa matenda enawo.

Mankhwala ochiziratu MS kulibe, koma ochepetsa mphamvu yake alipo. Matenda akabuka, madokotala amapereka methylprednisolone kudzera m'diripi kwa masiku atatu kapena asanu kuti zizindikiro zichoke msanga. Palinso mankhwala a nthawi yaitali, monga interferon beta amene anavomerezedwa mu 1993, rituximab ndi ocrelizumab, amene amachepetsa kubwerezabwereza kwa matenda. Ndi okwera mtengo, ndipo sindikubisani, koma kuyamba msanga kumateteza mitsempha imene ikanawonongekeratu, ndipo ambiri amene amalandira thandizo amapitiriza kuyenda ndi kugwira ntchito kwa zaka zambiri.

Kunyumba, mugulire mwanayo kabuku kolembamo tsiku limene chizindikiro chayamba, mbali ya thupi imene yakhudzidwa ndi tsiku limene chatha, chifukwa dokotala amadalira kwambiri mbiri yotereyi. Kutentha kumadzutsa zizindikiro zakale kwa kanthawi, moti mu October, akatsika m'kombi yodzaza masana, akhoza kuonanso mwachimbuuzi. Mpatseni madzi ozizira apume pamthunzi, ndipo zikapitirira tsiku lathunthu popanda kutentha thupi, pitani naye kuchipatala. Mafizo amathandiza miyendo, ndipo ku chipatala cha St Giles ku Milton Park, mu Harare momwemo, amagwira ntchito imeneyi. Ngati amasuta fodya asiye, ndipo akamva kupweteka pokodza ayezetse msanga, chifukwa matenda a m'chikhodzodzo amakulitsa dzanzi ndi kufooka.