Kodi sewero lingaphunzitse mbiri ya Chilembwe?

FUNSO: Ine ndimaphunzitsa History pa CDSS ina kuno ku Phalombe, ndiye ana ndikangoyamba za zaka ndi maina basi amayamba kusinza. Ndikufuna tipange sewero la John Chilembwe mwinanso kulijambula pa foni ngati kafilimu, koma mantha anga ndi oti mwana akasakaniza zopeka ndi zoona akazilemba pa mayeso a MANEB. Nditani? Mphunzitsi, Phalombe.

YANKHO: Aphunzitsi, pangani sewerolo osaopa, kungoti pekani anthu koma zochitika musazikhudze. Mwachitsanzo pekani mayi wachilomwe wochokera ku Mozambique amene akugwira thangata pa esiteti ya A. L. Bruce ku Magomero, m'mawa walawirira kumunda wa thonje wa mzungu pomwe chimanga chake chikumera udzu, mwana kumsana, kapitawo ali chiimire pambali. Mayiyu palibe buku lomwe linamulemba koma amayi ngati iye analipo ambirimbiri, ndipo kwanu ku Phalombe ena mwa ana anuwo akafunsa agogo awo amva zofanana. Mwana amene wasewera mbali imeneyo akadzafunsidwa zifukwa za kuukira kwa 1915 sadzasowa cholemba ayi.

Zosasuntha ndi izi, Chilembwe anapita ku America ndi mmishonale wachingelezi Joseph Booth mu 1897, anabwerako mu 1900 nkuyambitsa Providence Industrial Mission ku Mbombwe, Chiradzulu, kuukira kunayamba usiku wa pa 23 Januwale 1915 pomwe William Jervis Livingstone, manejala wa esiteti ya Bruce ija, anaphedwa ku Magomero, ndipo Chilembweyo anaomberedwa pa 3 Febuluwale. Apa musalole ana kukometsera, olo sewero likome bwanji.

Pomwe ine ndimada nkhawa kwambiri ndi pa mawu oika m'kamwa mwa Chilembwe, chifukwa mwana akamva mnzake atavala jekete akufuula pa siteji amatenga ngati ndi momwe anayankhulira ndithu. Chilembwe analemba yekha kalata ku nyuzipepala ya Nyasaland Times chakumapeto kwa 1914 yodandaula kuti anthu akuda akufera nkhondo yosawakhudza (nkhondo yoyamba ya dziko lonse), ndiye ipezeni kalatayo mwana aiwerenge momwe ilili.

Sewero likatha musawabalalitse, gawani bolodi pawiri, uku zolembedwa m'mabuku uku zomwe tapeka tokha, ana adzaze okha ndipo atsutsane. Kafilimu ka pa foniko chitani chimodzimodzi, ndipo musanakatumize pa WhatsApp lembani koyambirira kuti mayi wa thangata uja ndi wopeka.